KUTHAMANGA SIKUFIKA: ZIMENE TINAONA KU MPIKISANO WA MAMOTOKA

Ife a mphakati wathu wa ku Kanyama sitinali kudziwa kanthu za mpikisano wa mamotoka. Masewera amene tinakula nao ndi mpira wa miyendo, nkhonya za malemu Lottie Mwale pa wailesi, ndi nsolo ya pansi pa mtengo. Amene anatikokera ku fumbi la mpikisano ndi mnyamata wina, mdzukulu wa amai okalamba amene timapemphera nao mlungu uliwonse.

Mnyamatayu ndi kondakitala pa minibasi yoyenda pakati pa Kanyama ndi tauni, ndipo akusunga ndalama kuti akatenge laisensi. Akaweruka usiku amagona mocedwa, maso ali pa foni, kupenyerera mamotoka a ku America akuzungulira bwalo. Tsiku lina titatha mapemphero ambuya ake anatidandaulira. Anati: "Abale anga, mtima wa mwana uyu uli pa liwiro. Amai ake ndinaika kale m'manda, sindifuna kuikanso iye."

Ena anati alandidwe foni. Koma a katekisiti anakana. Anati mnyamata wa ndevu saletsedwa ndi mkwapulo, bwino tipite naye tikaone ndi maso athu cinthu cimene cikumukoka. Ndi mmene ulendo wathu unayambira, ndipo tafuna kukufotokozerani inu awerengi zimene tinapeza, cifukwa zikukhudza aliyense amene amakwera basi kapena kuyenda m'mbali mwa mseu.

MPIKISANO WOBADWIRA KU KACASU

Tisananyamuke tinamupempha mnyamatayo kuti atilongosolere zimene amapenyerera. Mpikisano wa ku America umene amaukonda umachedwa stock car, kutanthauza motoka wamba yonga imene munthu angagule m'sitolo. Alimi anzathu adzaseka kumva kumene unacokera. Kum'mwera kwa dzikolo alimi ena anali kucheza kacasu wa cimanga mobisa, pothawa lamulo ndi msonkho, ndipo anyamata onyamula kacasuyo usiku anali kukonza injini za mamotoka ao kuti apolisi asawapeze. Pambuyo pake anayamba kupikisana okhaokha kuti aone wa motoka yothamanga koposa ndani.

Mu 1948 Bill France anakhazikitsa bungwe la NASCAR kuti mipikisano imeneyi ikhale ndi malamulo. Mmodzi wa akatswiri ake oyamba, Junior Johnson, anakhalako m'ndende cifukwa ca kacasu, koma mu 1960 anapambana mpikisano waukulu koposa wa Daytona 500. Bwalo la Daytona ndi la makilomita anai kuzungulira, ndipo mamotoka okwana 40 amalizungulira maulendo 200, kukhotera kumanzere kokhakokha, pa liwiro lofika makilomita 300 pa ola. Mtunda wonse umapitirira pang'ono makilomita 800, kuposa ulendo wocoka ku Lusaka kukafika ku Lundazi.

Masiku ano mamotokawo angotsala dzina cabe kuti ndi wamba. Kunja amaoneka monga a pa mseu, koma mkati ndi zitsulo zolukidwa zoteteza dalaivala. Ndipo citetezo cimeneco anaciphunzira ndi maliro. Pa 18 February 2001 Dale Earnhardt, amene anali atatenga ukatswiri kasanu ndi kawiri, anagunda cipupa pa ulendo womaliza wa Daytona 500 nafa. M'caka comweco bungwelo linalamula kuti dalaivala aliyense azivala cogwira mutu ndi khosi, ndipo pambuyo pake zipupa za mabwalo zinaikidwa zofewetsa kugunda. Kucokera pamenepo panapita zaka zoposa 20 popanda dalaivala kufera mu mpikisano wa gulu lao lapamwamba.

WATHU NDI RALI

Bwalo longa la Daytona kuno kwathu tilibe. Mpikisano umene Zambia amadziwika nao ndi rali, imene imayang'aniridwa ndi bungwe la Zambia Motor Sport Association. Kusiyana kwake ndi uku: mu rali mamotoka sathamangira pamodzi. Amanyamuka imodziimodzi, kusiyana mphindi zocepa, m'miseu ya fumbi yodutsa m'mafamu ndi m'thengo, ndipo aliyense amapikisana ndi nthawi. Njira yonse imagawidwa m'zigawo zochedwa masiteji. Amene nthawi zake zonse zikaphatikizidwa zacepa koposa ndiye wapambana.

Tinacita manyazi kumva kuti pa masewera amenewa dziko lathu lili ndi mbiri yaikulu mu Africa, ife osadziwa. Mpikisano wa akatswiri a rali mu Africa unayamba mu 1981. Satwant Singh wa kuno kwathu anautenga kasanu ndi katatu pakati pa 1988 ndi 2000. Muna Singh anautenga mu 2004 ndi 2005, Mohammed Essa mu 2012, ndipo mu 2013 anautenga Jassy Singh, mwana wa Muna. Mu 2022 cikho cinabweranso kwathu ndi Leroy Gomes, amene womuwerengera njira anali mkazi wake Urshlla. Amai a m'gulu lathu atamva zimenezi anati banja limene lingamvane pa liwiro lotere ndiye kuti kunyumba kulibe mlandu wa ndiwo.

ULENDO WOPITA

Tinanyamuka Ciweru cina m'cilimwe, anthu asanu ndi awiri, titanyamula mbatata zophika, nshawa ndi madzi. Tinakwera basi m'tauni kulowera mseu wa Great North, kupita ku mafamu a ca ku Chisamba kumene rali yakhala ikucitikira kawirikawiri.

Awerengi, sitibisa. Pa tsiku lonselo, nthawi imene imfa inatiyandikira koposa inali ya m'basi imeneyi. Tinapanikizana anai pa mpando wa anthu atatu. Malamba anali omangidwa kumbuyo kwa mipando. Dalaivala anali kuyankha foni ndi dzanja limodzi, ndipo kawiri konse anapitirira malole pa citunda, osaona cimene cikubwera kutsogolo. Tonse tinakhala cete, aliyense kupemphera camumtima. Mnyamata wathu yekha ndiye anali kumwetulira, nati: "Ambuya, musaope, awa ndi madalaivala odziwa nchito."

PAMENE TINAIMA MOLAKWA

Titatsika tinayenda pansi kutsata anthu ena mpaka pa mphambano pamene mseu wa fumbi umakhota mwamphamvu. Tinaona malo abwino a mthunzi kunja kwa kona, popanda munthu, ndipo tinayala zitenje. Posakhalitsa anafika bambo wina wovala cibvalo cowala, mmodzi wa oyang'anira njira amene amachedwa ma marshal. Anatipatsa moni mwaulemu nati: "Amai ndi atate, cokani apa, bwerani kumtunda kuseri kwa tepi. Motoka ikakana kukhota imabwera pomwe mwayala zitenjepa."

Tinanyinyirika cifukwa kumtundako kunali dzuwa, koma safunsa anadya phula, tinamvera. Iye anatiuza kuti tidzayamba taona mamotoka oyendera njira, olembedwa 000, 00 ndi 0, ndipo ya 0 ikapita ndiye kuti mseu watsekedwa, munthu asaponde. Anatiuzanso kuti oonerera akaima poipa, akuluakulu a mpikisano ali ndi mphamvu yocedwetsa siteji kapena kuithetseratu.

Motoka yoyamba tinaimva isanaoneke. Kunali kulira kwa injini kutali m'mitengo, kenaka kuphulika monga mfuti, kenaka inatulukira itapendekera cam'mbali, miyala ikuuluka, nipita. Zonsezi sizinathe masekondi asanu. Fumbi linatiphimba, nshawa zinalowa mcenga, ndipo a katekisiti, munthu wofatsa amene sitinamumvepo akukuwa, anali m'mwamba cipewa cili m'manja. Tivomere, cinthuci n'cokoma. Mtima umagunda ndipo umayamba kudikira yotsatira monga mwana.

Motoka yacisanu ndi cimodzi inafika pa konapo mothamanga kwambiri. Matayala anakana kugwira, inatsetsereka kutuluka mu mseu, nikaima m'maudzu pansi pa mtengo uja, pamalo penipeni pamene tinayala zitenje poyamba. Dalaivala anabwerera m'mbuyo napitiriza ulendo. Ambuya a mnyamata uja anagwira korona wao osanena kanthu.

Marshal uja anatikumbutsa kuti malamulo a oonerera nawonso analembedwa ndi magazi. Mu 1986 ku Portugal anthu anali kudzaza mu mseu kuti aone pafupi, ndipo motoka ya Joaquim Santos inalowa m'khamu nipha anthu atatu ndi kupweteka oposa 30. Patapita miyezi iwiri Henri Toivonen ndi mnzake Sergio Cresto anapsera m'motoka ku Corsica. Mamotoka amphamvu kwambiri a nthawi imeneyo, a Group B, analetsedwa kumapeto kwa caka comweco.

KUMALO OKONZERA

Masana tinapita kumalo kumene mamotoka amapumulira ndi kukonzedwa. Kwa ife kumeneku ndiko kunali sukulu yeniyeni. Motoka ikalowa, amakanika amaizinga monga nyerere pa fupa, wina matayala, wina mabuleki, wina pansi pa injini, cifukwa nthawi yokonzera ndi yowerengeka ndipo kucedwa kuli ndi cilango.

Tinasuzumira mkati. Mipando yakumbuyo mulibe. Muli khola la mapaipi acitsulo lozinga anthu awiri, kuti motoka ikagubuduka denga lisawaphwanye. Aliyense amamangidwa ndi malamba odutsa m'mapewa, m'ciuno ndi pakati pa miyendo. Amavala helemeti, cogwira khosi conga cija ca ku America, ndi zovala zosagwira moto msanga. Muli cozimira moto, ndiponso cikwangwani colembedwa OK mbali imodzi ndi SOS mbali ina, coonetsa anzao obwera m'mbuyo ngozi ikacitika. Mpikisano usanayambe motoka iliyonse imapimidwa, ndipo yoperewera siiloledwa kunyamuka ngakhale mwini wake akhale wochuka motani. Ambulansi imakhala yodikira.

Mnyamata wathu anafunsa makanika wina wacikulire kuti: "Ba mudala, iyi ithamanga kufika pa zingati?" Mkuluyo anapukuta manja nati: "Mwana wanga, kuponda mafuta aliyense angathe. Ife tsiku lonse tikulimbana ndi mabuleki ndi matayala. Motoka yosaima bwino siimaliza rali."

Anatifotokozeranso za munthu waciwiri wa m'motoka, wowerenga njira. Mpikisano usanafike, awiriwa amayendera njira yonse pang'onopang'ono ndi kulemba m'buku kona iliyonse, dzenje lililonse, mlatho ndi citunda. Pa tsiku la mpikisano wowerenga amauza dalaivala cimene cili kutsogolo asanacione, ndipo dalaivala amamvera. David Sihoka, amene anawerengera njira Muna Singh ndi Jassy Singh, ndi katswiri wa Africa cifukwa ca nchito imeneyi ya buku ndi pensulo.

Cimene cinatidabwitsa koposa ndi ici. Pocoka pa siteji ina kupita pa ina, mamotokawa amayenda pa mseu wa anthu onse, ndipo pamenepo amatsata malamulo a pa mseu monga wina aliyense. Aliyense amapatsidwa mphindi yake yofikira pa malo olembetsera, ndipo wofika nthawi yake isanakwane amalangidwa, cilango cake coposa ca wocedwa. Tangoganizani, mu mpikisano wa liwiro, kufulumira pamalo posayenera ndi mlandu!

MSEU WATHU SI SITEJI

Apa ndi pamene pali mutu wa nkhani yathu. Dalaivala wa rali amathamanga pa mseu wotsekedwa, umene anauyendera kale, wopanda motoka yobwera kutsogolo, atamangidwa m'khola lacitsulo, ambulansi ili pafupi. Dalaivala wa minibasi ku Chawama, ku George kapena ku Mtendere alibe ngakhale cimodzi mwa zimenezi. Kutsogolo kwake kuli ana a sukulu, amai osenza tomato, wilibala ya makala, njinga ndi maenje a madzi. Kumbuyo kwake kuli anthu khumi ndi asanu ndi mmodzi opanda lamba.

Masamu ake ndi osavuta. Motoka yoyenda makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Pa makilomita 100 imadya mamita 28. Sekondi imodzi yoyang'ana foni ndi mtunda wonsewo woyenda ngati wakhungu. Ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira mabuleki atapondedwa umawirikiza kanai. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu caka ciliconse. Limanenanso kuti lamba angacepetse mpaka ndi theka ngozi ya kufa kwa munthu wa m'motoka. Ife a ku Zambia sitinaiwale za February 2013, pamene basi inaombana ndi lole ca ku Chibombo, pa mseu womwe uja tinadzera, ndipo anthu pafupifupi 50 anatisiya tsiku limodzi.

Sitikuti madalaivala a minibasi ndi anthu oipa. Ambiri ndi ana athu, ena ndi a kwaya. Tikudziwa za cashing, ndalama imene dalaivala ayenera kupereka kwa mwini basi madzulo alionse asanaone yake ya ufa. Munthu wotere amathamangira pasenjala aliyense ngati wa rali wothamangira sekondi. Motero eni mabasi amene amakhala kutsogolo m'chalichi pa Sondo adzifunse ngati cashing imene amalamula ingapezeke popanda kuswa lamulo. Bungwe la RTSA ndi apolisi ali ndi nchito yao, koma sangakhale m'basi iliyonse. Amene timakhalamo ndife.

KWA AMENE MUFUNA KUKAONA

Ngati rali idzadutsa kufupi ndi kwanu, pitani mukaone, ndi zosangalatsa. Koma kumbukirani izi. Fikani msanga mseu usanatsekedwe. Imani kuseri kwa tepi ndi pamalo okwera, osati kunja kwa kona, osati potera motoka ikalumpha citunda. Imani ciimire, musakhale pansi pafupi ndi mseu, ndipo kumbuyo kwanu kukhale kothawira. Ana agwireni padzanja, agalu asiyeni kunyumba. Motoka ikapita musathamangire mu mseu, cifukwa m'fumbi lomwelo mungatulukire ina. Ngozi ikacitika lolani ma marshal acite nchito yao. Dikirani motoka yotsekera mpikisano ipite ndipo muuzidwe kuti njira yatseguka. Nyamulani madzi, cipewa ndi nsalu yophimba mphuno.

Kwa alimi: tsiku limenelo ng'ombe ndi mbuzi zikhale m'khola kapena kubusa kutali ndi njira, abusa acicepere auzidwe dzulo lake, ndipo ngolo isatuluke. Inunso alendo a m'tauni, kumbukirani kuti mwaima m'munda wa munthu. Musathyole waya, musaponde mbewu, musataye ndudu pa udzu wouma.

Kwa akuluakulu a mpikisano pempho lathu ndi lakuti masiku ndi njira za rali zizilengezedwa m'Cinyanja ndi m'zinenero zina pa wailesi, ndiponso kudzera kwa mafumu, masukulu ndi machalichi a kumaloko. Mlimi amene sawerenga Cingerezi ndiye woyamba kukumana ndi motoka pa kona.

Tinenenso zoona kuti rali ndi masewera odula. Mwana wa m'komboni sangagule motoka yotere ndi ndalama za ukondakitala. Koma tinaona kuti pa dalaivala mmodzi pali anthu ambiri omuzungulira: amakanika, owotcherera, olemba nthawi, ma marshal. Amene anaona luso la owotcherera a ku Kalingalinga m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, kapena mamotoka a mawaya amene ana a ku Matero amapanga, adziwa kuti manja aluso tili nao. Cofunika ndi kuwatsegulira khomo ndi kuwaphunzitsa.

ULENDO WOBWERERA

Tinakwera basi yobwerera dzuwa litapendeka, tili mbuu ndi fumbi. Dalaivala wa ulendo uno nayenso anali wa phazi lolemera. Titafika pa citunda cina anayamba kutulutsa mphuno ya basi kuti apitirire lole. Tisanatsegule pakamwa, tinamva mau kucokera kumbuyo: "Ba driver, dikirani tione kutsogolo. Muno muli ambuya anga." Anali mnyamata wathu uja. Dalaivala anang'ung'udza kuti aliyense masiku ano ndi mphunzitsi, koma amai ena awiri osawadziwa anavomereza mokweza, ndipo basi inabwerera kumbuyo kwa lole. Tinafika ku Kanyama mocedwako ndi mphindi zowerengeka, nsima ikali yofunda.

Mnyamatayo sanaleke kukonda mamotoka, ndipo sitinafune kuti aleke. Akupitiriza kusunga ndalama za laisensi, ndipo wanena kuti adzapita ku sukulu yoyendetsa m'malo mophunzirira pa siteshoni usiku. Wafunsanso mmene munthu amalembetsera kukhala marshal. Ambuya ake akali kupemphera, monga acitira agogo onse, koma tsopano akamakwera basi amakhala oyamba kufunafuna lamba.

Ife a mphakati tagwirizana cinthu cimodzi, ndipo tikupempha mipingo ina ndi magulu a alimi kuti aganizirepo. Tikacita hayala basi kapena lole ya ku maliro, ku ukwati, ku msonkhano wa amai kapena yotengera mbewu ku msika, tidzayamba takambirana ndi dalaivala za liwiro, mowa ndi foni tisananyamuke, ndipo mmodzi wa ife adzakhala kutsogolo pafupi naye. Akayamba kuthamanga tidzalankhula pomwepo, tonse pamodzi. Caka camawa rali ikabwera tidzapitanso, ndipo zitenje tidzayala kumtunda, kuseri kwa tepi.